Njinga zamoto zikamakana kulira m'chisanu cha ku Dedza

Dedza ndi tauni yokwera kuposa matauni onse m'Malawi, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Juni ndi Julayi akafika kuzizira kwake sikuchita kufunsa. Mame amanyowetsa zishalo, nkhungu imaphimba phiri, ndipo anyamata a kabaza amene amalawirira kukanyamula matumba a kachewere ku Bembeke, kapena kukatula anthu pachipata cha malire a Mozambique, amayamba tsiku akukankha njinga m'malo moikwera. Ma Lifo, ma SanLG, ma King Lion ndi ma Boxer amene mu Okutobala amalira ukangokhudza batani, m'miyezi imeneyi amachita makani.

Iyi ndiyo nyengo imene amisiri okonza njinga zamoto sakhala pansi. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene amagwirira ntchito pakhonde la sitolo yogulitsa zipangizo za njinga, ali ndi mfundo imene amaibwereza kwa aliyense wobwera ndi njinga yokana kulira.

“Chisanu sichiwononga njinga,” akutero mmisiriyu. “Chimangoulula matenda amene njingayo inali nawo kale. Batire lofooka, pulagi yakuda, mavavu othina, zonsezi nthawi yotentha zimabisala. Kukazizira zimatulukira tsiku limodzi. Mnyamata amafika ali thukuta kamukamu, mawu ake ndi amodzi: ‘Amisiri, batire latha, ndiikireni latsopano.’ Ine ndimati, ‘Dikira kaye mphwanga, tiyeze.’ Ndalama zake ndi zomwezo za tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo njinga si yawo, madzulo amakapereka kwa bwana. Sindingamugulitse batire ndisanadziwe chimene chapha lakalelo.”

Kuzizira kumachita zinthu zitatu nthawi imodzi. Petulo sasanduka nthunzi msanga, choncho amene akufika mu injini amakhala wovuta kuyaka. Oyilo amalimba, ndipo injini imalemera kuitembenuza. Pomwepo batire limapereka mphamvu yochepa, chifukwa asidi ndi mtovu za m'kati mwake zimagwira ntchito pang'onopang'ono zikazizidwa. Sitata imafuna magetsi ambiri pa nthawi yomweyo imene batire lili ndi ochepa.

Chida choyamba chimene mmisiriyu amatola si sipanala koma mita yoyezera magetsi. Batire la njinga zimenezi ndi la ma volt 12, ndipo kawirikawiri kukula kwake kumakhala 5Ah mpaka 7Ah. Likakhala lodzaza, litagona usiku osagwira ntchito, mita imaonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Ikaonetsa 12.0, ndiye kuti latsika kwambiri. Koma nambala imeneyi payokha imanama, chifukwa batire lokalamba limatha kuonetsa 12.5 lili phee n'kugwa ukangolipatsa ntchito.

“Ndimasiya mita pabatire n'kudina batani. Nambala ikatsika kupyola 9.6, batirelo lilibe msana. Ikapanda kusuntha n'komwe, magetsi sakutuluka, ndiye vuto lili m'njira. Kenako ndimaliza njinga ndi kiki n'kukweza faya pang'ono. Apa ndimafuna kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhala pa 12 pomwepo, njinga sikutchaja, ndipo batire latsopano lidzafa imfa yomweyo pasanathe milungu ingapo. Ikadutsa 15, regulator, kabokosi kowongolera magetsi, yawonongeka, ikuphika batire. Limatupa m'mbali, madzi n'kuuma.”

Za sitata iye amayamba kuzidziwa ndi khutu asanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Ukadina batani n'kukhala zii, iye amayang'ana fyuzi, batani lenilenilo limene limachita dzimbiri ndi mame, ndiponso kaswitchi ka pakilatchi, kamene pa njinga zina kamaletsa sitata ngati sunagwire kilatchi. Kukamveka kamawu kamodzi kakuti “tha!” koma injini osatembenuka, ndiye kuti relay, kaswitchi kolumikiza batire ndi sitata, yayankha koma magetsi aakulu sakufika ku sitata. Apa mlandu umakhala wa batire, wa mawaya amene achita ufa woyera pamitu ya batire, wa waya wopita kuchitsulo cha njinga umene wakhwefuka, kapena wa relay yomweyo ngati yapsa m'kati. Mmisiriyu amaika njinga pa fili n'kulumikiza mabawuti awiri aakulu a relay ndi sikuludiraiva. Pamathetheka moto, koma sitata ikazungulira mwamphamvu, wapeza wolakwa.

“Ikakanabe, ndimagogoda thupi la sitata ndi chogwirira cha sikuludiraiva mnyamata akudina batani. Ikadzidzimuka n'kuzungulira, mabulashi atha. Ndi timakala ting'onoting'ono timene timakhuza mkuwa wozungulira m'kati. Tikafupika, sipuling'i sititsindikiranso mokwanira. Ndimaimasula, ndimachotsa fumbi lakuda, ndimapukuta mkuwawo ndi sandipepa wosalala, ndimatokosa timipata ta pakati pake, n'kuika mabulashi atsopano ndi kagirisi pang'ono kumapeto a shafti. Sitata yadzuka. Mtengo wa mabulashi ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa sitata yathunthu, koma anthu ambiri amataya sitata yabwinobwino chifukwa palibe amene anaitsegula.”

Pali kaphokoso kena kamene amakadziwa ali patali: sitata ikuzungulira mwaliwiro, “fwiii”, koma injini ili duu. Amenewa si matenda a magetsi. Kuseri kwa magineto, gudumu lopanga magetsi a njinga, kuli kilatchi ya sitata, imene pa injini zambiri zoterezi imakhala ndi timagudumu titatu ndi tisipuling'i take. Imagwira potembenuza injini n'kumasuka injini ikalira. Ikatha, imaterereka, makamaka oyilo akakhala wolimba. Ntchito yoikonza imafuna chida chokokera magineto. Oichita ndi hamala amatha kuswa maginito kapena kupinda shafti, ndipo njinga yobwera ndi vuto laling'ono imachoka ndi lalikulu.

Zambiri mwa sitata zimene iye amatsegula zinapsa ndi zala za eni ake. Kamota kameneka kanapangidwa kuti kagwire ntchito masekondi osapitirira asanu, kenako kapume masekondi khumi. Woumirira batani mpaka batire litalefuka amatenthetsa mawaya a m'kati, ndipo injini yokana chifukwa cha mafuta siisintha maganizo chifukwa choikakamiza.

Nkhani ya mafuta ili ndi mbali yake ya kuno kwathu. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Ethanol amakoka chinyezi. Thanki ikagona ili ndi mafuta ochepa usiku wozizira, m'kati mumachita mame, ndipo madziwo amatsikira mu kabureta. Kuwonjezera apo pali petulo wogula m'mabotolo ndi m'zigubu m'mphepete mwa msewu, amene amabwera ndi zinyalala zake. Mmisiriyu amamasula kabawuti ka pansi pa kabureta n'kukhetsera mafuta m'kabotolo koonekera, kuti mwini njinga adzionere yekha timadontho ta madzi titakhazikika pansi. Kenako amatsuka jeti yaing'ono, imene imadyetsa injini polira ndi poima. Bowo lake ndi laling'ono kwambiri moti kachitsotso kamodzi kamalitseka. Iye amaliuzira ndi mpweya, salitokosa ndi waya wolimba, chifukwa bowo likakula njinga imayamba kumwa mafuta.

“Choki anyamata ambiri saidziwa ntchito yake. Ena saigwira n'komwe, amangopotoza faya mpaka kumapeto, pamene injini yozizira imafuna mafuta ambiri ndi mpweya wochepa. Ena amaikoka n'kuiiwala mpaka ku Lizulu. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka kale, ndiye ukayenda ndi choki pulagi imada bii ndi mwaye, mawa lake moto kulibe. Koka choki, usakhudze faya, liza. Ikalira, ipatse mphindi imodzi kapena ziwiri, bweza choki, nyamuka pang'onopang'ono.”

Pulagi amaiyeza mpata wake, umene pa njinga zambiri za 125cc ndi 150cc umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Mavavu amawayeza injini ili yozizira, chifukwa akathina satseka bwino ndipo mphamvu yopanikiza imathawa. Munthu woponda kiki amamva kuti yapepuka. Pa oyilo, ambiri amathira 20W-50 chifukwa ndi amene amapezeka paliponse, koma 10W-40 amayenda msanga m'mawa wozizira. Ngakhale zili choncho, iye amati oyilo amene amazunza sitata kwambiri ndi amene wakhalitsa osasinthidwa mpaka kuda ngati phula.

Pa kutchaja ndi pamene amakangana kwambiri ndi makasitomala ake. Batire likatsika, mnyamata amathamangira nalo kwa otchaja mabatire a galimoto ndi a wailesi pamsika, kuti lidzaze pa ola limodzi abwerere pa siteji. Koma batire laling'ono limafuna magetsi ofika pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake. La 7Ah limafuna 0.7 amp kwa maola ofika khumi. Tchaja yaikulu imalitenthetsa n'kupinda timapuleti ta m'kati. Chimodzimodzi kulumikiza sola ku batire popanda kabokosi kowongolera magetsi: dzuwa likawala, panelo imatulutsa ma volt 18 kapena kuposa.

“Madzi akatsika m'batire lotsegula, thira madzi a batire ogula, osati a pamjigo, osatinso asidi. Asidi sachoka, amauma ndi madzi okha. Potchaja tsegula tizivindikiro, ndipo wosuta fodya akhale kutali, chifukwa mpweya wotuluka mmenemo umaphulika. Ukafuna kubwereka moto ku galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima. Ndipo za mbaula pansi pa injini, zija ena amachita kuti oyilo afewe, ndimakana. Paipi ya petulo ili pomwepo.”

Batire losiyidwa lotsika kwa milungu limauma m'kati, timapuleti timakutidwa ndi zoyera zolimba, ndipo palibe tchaja ingalibweze. Limene limamudandaulitsa mmisiriyu ndi batire lofa lili pa njinga yoyenda tsiku lililonse. Kabaza wa m'tauni amayenda maulendo aafupi, kuzimitsa ndi kuliza kosalekeza, ndipo magineto sapeza mpata wobwezera zimene sitata yatenga. Pamwamba pa izi mnyamata waikapo sipika ya nyimbo, magetsi owala mitundumitundu ndi potchajira foni, zina zolumikizidwa mwachindunji ku batire moti zimadya ngakhale kiyi atazimitsa.

Nzeru imene amapereka ndi yosalira ndalama. Kuliza koyamba kwa m'mawa kukhale kwa kiki, sitata idikire injini itatentha. Njinga zimene CDI yake, kabokosi kotumiza moto ku pulagi, imadya kuchokera ku magineto zimalira ndi kiki ngakhale batire litaferatu, pamene zodya kuchokera ku batire zimafuna kamoto kotsala kuti pulagi ithetheke, ndipo mwini njinga ayenera kudziwa kuti yake ili mbali iti. Njinga igone m'nyumba, monga ambiri amachitira kale poopa akuba, ndipo thanki isagone youma.

Amene amamvera amabwera mu Meyi, chisanu chisanakhwime, kudzayezetsa batire, kutsuka kabureta ndi kusintha oyilo. Ena onse amabwera mu Juni akukankha. Ogasiti akamatha, mphepo imayamba kuulutsa fumbi m'misewu ya ku Mayani ndi ku Linthipe, madandaulo a sitata amachepa, ndipo pakhonde pa mmisiriyu pamadzaza njinga zotsamwa ndi zosefera mpweya zotsekeka komanso matcheni ouma.