Potayira ndi Polandirira

Chimene chimagwetsa ana athu pa mafunso a electrolysis si masamu ayi, koma mawu. Funso likati magetsi a mphamvu ya ma ampere 2 adutsa m'madzi a copper sulphate kwa masekondi 965, wophunzira amachulukitsa n'kupeza ma coulomb 1,930, nagawa ndi 96,500. Popeza ayoni iliyonse ya mkuwa imafuna ma elekitironi awiri, amapeza kuti mkuwa wounjikana ndi magalamu 0.635. Koma mukamufunsa kuti mkuwawo waunjikana mbali iti, amangoti kakasi.

Muphwa wanga, pokonzekera mayeso a chemistry kukoleji, analoweza kuti mu selo ya Daniell zinki ali ndi -0.76 V, mkuwa +0.34 V, ndipo selo yonse imapereka 1.10 V. Mmenemo anode ndi mbali ya negative. Atafika pa electrolysis anapeza kuti anode yasanduka positive. Anandifunsa mokhumudwa: "Malume, dzina limodzi lingasinthe bwanji nkhope chonchi?"

Ine za mankhwala sindizidziwa, koma mbiri ya mawu ndiyo ntchito yanga. Mayina amenewa anawapanga Michael Faraday mu 1834, mothandizidwa ndi William Whewell wa ku Cambridge. Anawatenga ku Chigiriki: anode ndi njira yokwera, monga kotulukira dzuwa, cathode ndi njira yotsika, monga kolowera dzuwa, ion ndi chinthu choyenda. Mayinawa sanena za positive kapena negative. Amanena za malo ndi ulendo. M'maselo onse awiri, pa anode chinthu chimataya ma elekitironi, pa cathode chimalandira. Chizindikiro ndicho chimasintha, ntchito sisintha.

Chichewa chili ndi njira yakeyake yotchulira malo potsata ntchito yochitika pamenepo: pophikira, pochapira, pomwera. Tsono ndinamuuza kuti anode ndi potayira, cathode ndi polandirira. Ayoni ya mkuwa ikusowa ma elekitironi awiri, idzapita kuti? Anayankha yekha, osatsegula buku.

Ku Mufulira m'dziko la Zambia, kumene amayenga mkuwa ndi magetsi, zimbale za mkuwa woyengeka zimatchedwa cathode. Wantchito wakumeneko amaigwira cathode ndi manja, amadziwa kulemera kwake. Mwana wa m'kalasi amangoimva ngati phokoso loyenera kuloweza, ndipo choloweza popanda tanthauzo chimathawa pa tsiku la mayeso.

Kawirikawiri timamva kuti zinenero zathu zilibe mawu a sayansi. Chingerezi nachonso chinalibe mawu amenewa kufikira pamene anthu awiri analemberana makalata n'kuwapanga. Sindikunena kuti titaye anode ndi cathode, pakuti wolemba mayeso adzawafunabe. Ndikunena kuti mwana ayambe wamva chimene chikuchitika m'chinenero chimene amaganizira, dzina lachilendo libwere pambuyo, likhale pa chinthu chimene wachidziwa kale.