Puleni Idikire, Tiyambe Taphunzira Kunyamula

Mnyamata akabwera ku shedi yanga kuno kwa Katuli kudzaphunzira ukalipentala, sabata yoyamba puleni amangoionera patali. Ntchito yake imakhala kunyamula matabwa. Ena amanyinyirika kuti sanabwerere ganyu, ine n'kumangowasiya. Thabwa la bulugamu laliwisi limalemera kuposa momwe maso amaonera, ndipo mwa anzanga amene tinayambira limodzi ntchitoyi, ambiri amene anaisiya unawasiyitsa ndi msana.

Chiphunzitso chake n'chachifupi. Yamba wagwedeza katunduyo kuti umve kulemera kwake. Imirira pafupi, tang'aza miyendo pang'ono, pinda mawondo, msana usakhote. Katundu akhale chokhudza pamimba, ndipo udzuke ndi mphamvu za m'ntchafu. Ukafuna kutembenuka, sendeza mapazi. Kupotokola chiuno thumba lili m'manja ndiye kumene kwagoneka amuna ambiri pamphasa. Thabwa lalitali amanyamula awiri, onse paphewa la mbali imodzi, ndipo wakumbuyo ndiye amalamula: "Tiyeni achimwene, tsitsani!" Wilibala ilipo, koma anyamata amaiona ngati ya anthu ofooka, makamaka atsikana akamadutsa pamsewu. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, la feteleza chimodzimodzi. Amene amatsitsa matumba oterewa pa lole tsiku lonse, akulipidwa pa thumba, amathamanga, ndipo wothamanga sapinda mawondo.

Mbali ina ya ntchito yanga inabwera yokha. Anthu anayamba kundipeza ndi chikhakha kumwendo, ena ochokera ku ngozi za kabaza, ena ogwa padenga pofolera, ena obwera kuchokera ku Joni atavulala pa ntchito ya zomangamanga. Onse ankafuna ndodo zoyendera. Kwathu kuno kuti ukaonane ndi a mafizo ku chipatala cha boma, udzere ku Namwera, utsetsereke mapiri a Chowe, uwoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Wovulala kwambiri msana mpaka amafika naye ku Blantyre, ku Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Malowo ndi a bungwe la MAP, limene linayamba ndi dzina loti Malawi Against Polio. Kumeneko amaphunzitsa bwino ndithu, koma tsiku limafika loti munthu abwerere kumudzi, ndipo kumudziko amapeza khonde lalitali, bwalo la mabampu ndi chimbudzi chonjuta.

Ndodo ndimayeza pa mwini wake, ataimirira, atavala nsapato zimene amayendera. Pakati pa mutu wa ndodo ndi kukhwapa pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Chogwirira chifike pamfundo ya dzanja mkono ukalendewera. Apa ndimachedwapo dala, chifukwa anthu ambiri amayesa kuti ndodo n'zopachikapo khwapa. Ukatero umapana mtsempha wa m'khwapamo, dzanja limachita dzanzi, mwinanso kulefuka, ndiye wawonjezera vuto lachiwiri pa loyamba. Thupi lizitsamira pa zikhatho. Ndimasankha thabwa louma, la mizere yowongoka, lopanda mfundo, ndipo ndimamanga ndi mabawuti osati misomali, n'kuboola mabowo angapo kuti chogwirira chizitha kukwezedwa kapena kutsitsidwa. Kunsi ndimakhomerako chidutswa cha tayala lakutha, poti thabwa lokha pa simenti yonyowa limaterereka. Asanachoke timayeserera pa khonde langa: pokwera patsogole mwendo wabwino, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wovulala.

Chinthu chimene ovulalawa sachitchula msanga ndi chimbudzi. Bambo wina wachikulire, wothyoka chiuno, anazungulira nkhani mpaka anyamata atapita kukadya, ndiye n'kunena motsitsa mawu kuti mdzukulu wake ndi amene amamugwirizitsa akapita kuseri. Ndinamukhomera mpando wa bowo pakati, miyendo yotang'aza kuti usagwedezeke pa dothi, wokhala ndi zogwirira mbali zonse zoti azikankhirapo podzuka. M'mphepete mwa bowolo ndinapalamo mpaka dzanja kumangotsetsereka. Atabweranso anafuna kampando kena kopepuka koti azipita nako ku mzikiti Lachisanu, aziswali chokhala. Pambuyo pake tinazika mizati pabwalo pake, n'kupingasa nsungwi ziwiri msinkhu wa m'chiuno, kuti m'mawa uliwonse aziyenda pakati pake monga anamuuzira a mafizo.

Pamene ndimasemphana ndi abale a odwala ndi pa nkhani yogona. Chikondi cha kwathu chimati wodwala asagwire kanthu, phala limupeze pamphasa. Koma wa msana wamba akagona masabata, msanawo umangouma, miyendo n'kuwonda. Amene sangathe kudzitembenuza yekha amatuluka zilonda m'matako ngati palibe womutembenuza pafupipafupi. Munthu adzuke, ayende pang'ono, abwerere ku ntchito yopepuka. Mnyamata wanga akadandaula msana ndimamupatsa sandipepala ndi vanishi pa benchi yokwera bwino, matabwa n'kumanyamula anzake. Komabe ine si dokotala. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukamangotuluka kapena kukanika, kapena msana ukamapweteka limodzi ndi kutentha thupi ndi kuwonda, musatemere mphini, musabwerenso kwa kalipentala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa ngakhale TB imagwira mafupa a msana.

Malamulo oteteza anthu pa ntchito alipo. Lina ndi la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997, lina ndi la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000, ndipo nkhani zotere zimapita ku ofesi ya zantchito. Koma wotsitsa matumba pa msika alibe kalata ya ntchito, nthawi zina ngakhale dzina la mwini loleyo salidziwa. Akavulala, ndalama ya ndodo amasonkha ndi akuchikazi.

Choncho inu eni mashedi, eni magolosale ndi akapitawo a zomangamanga, gulani wilibala, lolani kuti thumba azinyamula awiri, ndipo mnyamata watsopano mumuonetse kanyamulidwe tsiku loyamba lomwelo, musanamutume ku lole.