Kwa mphwanga wofufuza dzimbiri m'miyendo ya ndege

Wokondedwa mphwanga,

Kuno ku Kasungu tadzuka. Amayi bondo lija lasiyako, ndipo fodya tamaliza kusankha, mabelo tadinda, tikungodikira tsiku lathu ku Chinkhoma.

Uthenga wako ndinaulandira. Ukuti chilowereni m'shedi ya ndege sanakugwiritsepo injini, tsiku lililonse ndi kutsuka miyendo ya ndege, kupaka girizi ndi kusuzumira m'makona ndi tochi kufunafuna dzimbiri, moti ukuona ngati akukuyesa kamwana kongotumidwa. Ndiye ndati ndikuuze kumene ntchito imeneyo inachokera, popeza ine ndinaigwira usanamere mano. Ukafuna kudandaulabe pambuyo pake, udzadandaule ukudziwa chimene chili m'manja mwako.

Ndege zoyambirira zinalibe vuto limeneli. Ya abale aja a Wright ya 1903 inali ya matabwa ndi nsalu, ndipo inkatera pa timitengo totsetsereka. Zobwera pambuyo pake zinali ndi matayala, koma miyendo inkakhala panja ulendo wonse, pena pakathetheka ngakhale wodutsa ankaloza. Zinthu zinasintha cha m'ma 1930, opanga ndege ataona kuti miyendo yolendewera imalimbana ndi mphepo ndi kuchedwetsa ulendo. Anayamba kuipinda kuti izibisala ndege ikangonyamuka. Boeing 247 ya 1933 inali yotero, DC-3 ya 1935 chimodzimodzi, ndipo DC-3 yomweyo ndi imene Air Malawi inayamba nayo mu 1964 pamodzi ndi tindege ta Beaver totera m'mabwalo a fumbi. Mwendo wopinda umabwera ndi mfundo, mapini, zokankhira za hayidiroliki, komanso kachipinda kamdima kamene madzi ndi matope zimalowa mosavuta koma diso la munthu limavutika kufikamo.

Kenaka kunabwera ndege za jeti, zolemera kwambiri komanso zotera pa liwiro lalikulu. Mwendo unayenera kunyamula katundu yense ameneyo popanda iwo kulemera, choncho akatswiri anapanga zitsulo zolimba modabwitsa, monga chija uzichiona m'mabuku chotchedwa 300M. Apa ndi pamene pagona nkhani. Chitsulo wamba chikalemedwa chimayamba chapindika, munthu n'kuona kuti zinthu zavuta. Chitsulo cholimba chotere sichichenjeza. Dzimbiri likangoboola kadzenje kochepa ngati nsonga ya singano, mphamvu yonse imakasonkhana pamenepo, kamng'alu n'kuyamba kuyenda m'kati mwakachetechete. Ndipo mwendo wa ndege supuma, ngakhale ndege itaima usiku wonse katundu ali pa iwo. N'chifukwa chake miyendo ina yathyokapo ndege ili chiimire pabwalo kapena akungoikoka pang'onopang'ono.

Uwakumbuke mapaipi a moto a m'bani ya fodya kumunda kwa malume. Kunja ankaoneka akuda bwinobwino, koma ukadina ndi chala, chala chinkalowa, chifukwa dzimbiri linadya kuchokera m'kati m'miyezi ya mvula pamene bani inangokhala. Mlimi wosayendera mapaipi ake moto usanayatsidwe amataya fodya wa chaka chonse ndi mbaliwali imodzi ya moto yogwera pa tsamba louma. Kusiyana kwake n'kwakuti paipi imakulola kuipeza ndi chala, pamene chitsulo cha ndege chimafuna tochi, kalilole, galasi lokulitsira, ndipo nthawi zina makina a maginito kapena madzi owala mumdima amene amalowa m'ming'alu yosaoneka ndi maso.

Pofuna kutchinga dzimbiri, chitsulocho amachikutira ndi cadmium, kenaka penti iwiri, ndipo mbali imene imalowa ndi kutuluka ndege ikamatera amaikutira ndi chrome, ndiye kunyezimira ukuonako. Ntchito yako ya tsiku ndi tsiku ndi kulondera chikopa chimenechi. Kamwala kakathothola penti, khomo latseguka. Koma usadzayerekeze kuchita zimene amachita anyamata a m'magalaji a pa boma pano, kutenga sandipepa kapena galayinda, kupala mpaka pawale, n'kupopera penti. Galayinda imatenthetsa chitsulo n'kuchiwononga pamalo amenewo osaonetsa chizindikiro. Mankhwala a asidi ochotsera dzimbiri ndiye oopsa kuposa dzimbirilo, chifukwa amalowetsa hayidirojeni m'chitsulo, chitsulo n'kusanduka chophwanyika ngati galasi. Ngakhale kufakitale, akamaliza kukutira cadmium amalowetsa chitsulocho mu uvuni wa madigiri pafupifupi 190 kwa maola 23 kuti hayidirojeniyo atuluke. Ndiye akamakukaniza sopo amene sali pa mndandanda wa m'buku, si nkhanza ayi.

Tsono malamulo a kayenderedwe kameneka sanagwe kumwamba. Mgwirizano wa ku Chicago wa 1944, umene unabala bungwe la ICAO, unaika mfundo yakuti dziko lililonse liziyankha pa ndege zolembedwa m'kaundula wake, ndipo Malawi inalowa m'bungweli mu 1964. Koma kwa zaka zambiri dzimbiri ankalitenga ngati nkhani ya ukhondo chabe, ukalipeza uchotse, ukapanda kulipeza palibe kanthu. Chinatsegula anthu maso ndi cha pa 28 Epulo 1988 ku Hawaii. Ndege ya Aloha Airlines, Boeing 737 ya zaka 19 imene inali itanyamuka ndi kutera kopitirira 89,000, inasenduka denga lakutsogolo ili pa mamita oposa 7,000 m'mwamba. Mayi mmodzi wogwira ntchito m'ndegemo anatengedwa ndi mphepo, ena onse anapulumuka chifukwa oyendetsa anakwanitsa kutera nayo ku Maui, okwera ali pamtunda ngati ali pa lole. Ofufuza anapeza kuti pamalumikiziro a malata a ndegeyo guluu anali atamasuka, chinyontho cha m'nyanja chinalowa, dzimbiri ndi timing'alu n'kumayenda kuchoka pa kamsomali kena kupita pa kena. Chimene chimandipweteka ine pa nkhaniyi n'chakuti mmodzi wa okwera anaona mng'alu pafupi ndi chitseko pokwera, koma anangokhala chete.

Ngoziyo sinali ya miyendo, koma pepala limene umanyamula polowa pansi pa ndege linachokera pamenepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko la America linakhwimitsa malamulo a ndege zokalamba, ena n'kutsatira, ndipo kampani iliyonse inayenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yolimbana ndi dzimbiri: malo akuti aziyenderedwa pakapita nthawi yakuti, chimene chapezeka chilembedwe, ndipo chiikidwe pa mlingo woyamba, wachiwiri kapena wachitatu. Mlingo wachitatu ndiye kuti nkhani yatuluka m'shedi, ikafike kwa opanga ndegeyo ndi kwa akuluakulu oyang'anira za ndege, chifukwa chimene chadya ndege yanu chingakhale chikudyanso zinzake za mtundu womwewo kwina.

Nkhani imene ndikufuna uisunge kwambiri ndi ya 2007, chifukwa ndi ya mwendo weniweni komanso ndi ya ndege ya mtundu umene umaudziwa. Pa 9 Seputembala chaka chimenecho, Q400 ya kampani ya SAS inachoka ku Copenhagen kupita ku Aalborg m'dziko la Denmark. Potsitsa miyendo, nyali inaonetsa kuti wakumanja sunatsekeke. Oyendetsa anazungulira m'mwamba, anthu okhala pafupi ndi pulopela anawasuntha, kenaka anatera. Matayala atangogunda pansi mwendo unapindika, phiko n'kukhula pansi, zidutswa za pulopela n'kuboola thupi la ndege. Palibe anafa. Patangopita masiku atatu, pa 12 Seputembala, Q400 ina ya kampani yomweyo inachita zomwezo ku Vilnius ku Lithuania, mwendo wakumanjanso.

Atamasula anapeza chiyani? Pali chitsulo cha hayidiroliki chimene chimakweza mwendo ndi kuugwira kuti uzitsika mwaulemu. Kumapeto kwake kuli kamutu kolowetsedwa ndi mazinga ngati bawuti. Kunja kunali koyera. M'kati, pamene zitsulo ziwiri zosiyana zinakumana ndi chinyontho, dzimbiri linali litadya mazinga mpaka kamutu kaja kanazuka. Mwendo unangogwa wokha mwamphamvu, n'kuthyola chogwiriziza chimene chimautseka. Buku silinkawatuma amakaniko kumasula malo amenewo pafupipafupi. Kampani yopanga ndegezo, Bombardier, inalangiza kuti Q400 iliyonse imene yatera koposa 10,000 iime kaye mpaka malo amenewo ataonedwa, ndipo boma la Canada linatulutsa lamulo lokakamiza. Pa 27 Okutobala ina inagwanso mwendo ku Copenhagen, ngakhale chifukwa chake chinali china, kamphira kotsekereza njira ya mafuta. Mawa lake SAS inasiyiratu ndege zake zonse 27 za mtundu umenewu.

Ine ndimaona kuti SAS inapupuluma, koma anthu anali atachita kale mantha, ndipo ndege imene anthu akuiopa siilipira mafuta. Vuto lija linakonzedwa, kuyendera malo amenewo kunalowa m'buku, ndipo Q400 inapitiriza kuuluka kwina konse. Air Malawi itatha mu 2013, kampani yatsopano ya Malawian Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, inayamba mu 2014 ndi Q400 ndi Boeing 737. Anthu amaikwera pakati pa Lumbadzi ndi Chileka mtima uli m'malo, osadziwa kuti mzere wina wa m'buku la ndegeyo unalembedwa chifukwa cha zimene zinachitika ku Aalborg.

Udzamva ena akunena kuti kuno kulibe nyanja yamchere, kulibe chisanu choti n'kumathira mankhwala pamsewu wa ndege, ndiye dzimbiri lichokera kuti. Zoona, dera ngati lathu lino limauma gwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Koma fumbi la miyezi imeneyo likasakanikirana ndi girizi limasanduka phala lopala chitsulo, ndipo mvula ikagwa mu Disembala matope amamatirira m'makona n'kusunga chinyontho kwa masabata. Ndege yochoka kuno imakatera ku Dar es Salaam, m'mphepete mwa nyanja. Komanso ndege ikatsika kuchokera kozizira kwambiri m'mwamba n'kulowa mumpweya wofunda, zitsulo zimachita thukuta, m'kati momwe. Choipitsitsa ndi ndege yongoima miyezi kudikira sipeya chifukwa ndalama zakunja zasowa. Imeneyo imadyeka kuposa youluka. N'chifukwa chake pa ndege zikuluzikulu miyendo imachotsedwa yonse pakapita zaka pafupifupi 10, kaya inauluka kwambiri kaya ayi, n'kutumizidwa kumene amakaiphwasula mpaka kachitsulo komaliza. Pabwalo lathu la Kasungu masiku ano mbiri ndi ya ma drone, chiyambire mu Juni 2017 pamene boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera la makilomita 40 mbali zonse, koma kandege kalikonse kotera pano kamanyamuka ndi fumbi lathu m'miyendo, ndipo wokalichotsa ndi munthu ngati iwe.

Palinso malamulo oteteza iwe mwini, amenewa ndiye amayi angakonde kuti ndiwabwereze kawiri. Usalowe m'kachipinda ka miyendo usanaone ndi maso ako kuti mapini otsekera, aja a nsalu zofiira, alowa, matayala atchingidwa, ndiponso kuti palibe amene angayatse hayidiroliki. Mawu akuti ndaika kale asakukwanire. Zitseko zimene zija zikamatseka sizidziwa kuti pali mutu wa munthu. Tayala usalimasule lisanaphwetsedwe, ndipo ndege ikangotera mabuleki ali moto, uziliyandikira chakutsogolo kapena chakumbuyo, chifukwa likaphulika zidutswa zimathawira m'mbali. Nayitirojeni amene mumapopera uja nayenso ali ndi mbiri yake. Pa 31 Malichi 1986 Boeing 727 ya Mexicana inanyamuka ku Mexico City tayala lina litapoperedwa mpweya wamba, buleki inatentha, tayala n'kuphulikira m'kati, kudula mapaipi a mafuta, ndipo anthu onse 167 anafa. Fumbi la cadmium ndi poizoni, uzivala chotchinga kukamwa ndi kusamba m'manja usanagwire nsima. Mafuta a hayidiroliki akalowa m'maso udzaiwala dzina lako, choncho magalasi asachoke kumaso ngakhale kutenthe bwanji. Potsuka usalunjikitse madzi amphamvu pa mfundo, amakankha girizi n'kukhala m'malo mwake, ndipo ukatsuka upakenso girizi mpaka wakale atuluke.

Tsiku lina udzakhala ndi laisensi, siginecha yako ndiyo idzalole ndege kunyamuka. Lidzafika tsiku limene ndege idzakhala yodzaza, m'katimo muli anthu olemekezeka, wamkulu wako akuyang'ana wotchi, iwe n'kuona penti yatukuka pang'ono pafupi ndi pini, kapena kamzere kofiirira kotsika pamfundo. Ulembe, uitane wokuposa, ndege idikire. Pakadali pano pempha buku lokonzera ndege imene mukugwirayo, utsegule chaputala 32, ndicho cha miyendo, uwerenge machenjezo onse ali m'menemo usanakagwirenso tochi, ndipo pamene sukumvetsa undilembere.

Amayi ndi alamu ako akuti moni. Ndalama ya nsapato zachitetezo zija ndikutumizira fodya akangogulidwa.

Ine mkulu wako.