Zimene mwana wa sukulu wa ku Elbasan amaoloka nazo nyanja

Mzinda wa Elbasan uli pakati pa dziko la Albania, m'chigwa cha mtsinje wa Shkumbin. Mlendo akafika amayamba waona linga lakale la miyala pakati pa tauni, kenaka machumuni a fakitale ya zitsulo imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China m'zaka za m'ma 1970. Albania yenseyo ndi kadziko kakang'ono ka ku Ulaya, koti kangalowe katatu m'chigawo cha Tete, malo n'kutsalako. Kalembera wa mu 2023 anapeza anthu pafupifupi 2.4 miliyoni. Ena ambiri ali kunja, ndipo mwa iwo muli anyamata ndi asungwana amene akuphunzira m'mayunivesite a ku Italy.

Pa 14 Malichi chaka chilichonse anthu a ku Elbasan amachita chikondwerero cha Dita e Verës, chotsanzika nyengo yozizira. Patsikuli nyumba iliyonse imanunkhira ballokume, chimene munthu wa ku Ulongwe angachitche chigumu cha anthu olemera. Muli ufa wosalala wa chimanga, batala, shuga ndi mazira. Amayi amatakasa batala ndi shugayo m'mbale ya mkuwa ndi mthiko mpaka mkono kuwawa. Chodabwitsa n'chakuti ophika akalekale amathiramo madzi a phulusa la nkhuni otchedwa finj. Inde, chidulo chomwechi chimene chimafewetsa therere kuno, kumeneko chimalowa m'keke.

Vuto n'lakuti mwezi wa Malichi sukulu zimakhala zili mkati, choncho wophunzira amene ali ku Bologna kapena ku Milan tsikuli limam'peza ali kutali ndi amake.

Njira imene ambiri amadzera popita ku Italy imayambira pa doko la Durrës. Sitima yapamadzi imanyamuka usiku, n'kuoloka nyanja ya Adriatic, ndipo kukamacha imakocheza ku Bari. Njirayi ili ndi mbiri yake yowawa. Pa 8 Ogasiti 1991, ulamuliro wa chikomyunizimu ukugwa, sitima yotchedwa Vlora, imene inali itangobwera ndi shuga kuchokera ku Cuba, inafika ku Bari itadzaza anthu pafupifupi 20,000 othawa umphawi. Ambiri anawatsekera m'bwalo la mpira, kenaka anawabweza kwawo. Ana a m'badwo umenewo ndiwo akuoloka lero ndi pasipoti m'manja ndi zikwama zolemera.

Koma pa doko pali lamulo. Albania sinalowe m'bungwe la European Union, ndipo lamulo la bungweli sililola munthu wochokera kunja kulowa ndi nyama kapena zakudya za mkaka m'chikwama chake. Aliyense amene anatsitsidwapo katundu pa chipata cha Zóbuè kapena Calómuè akudziwa mmene mtima umapwetekera. Ndiye kuti gjizë, tchizi chofewa chimene chimakometsa zakudya zambiri za ku Albania, chiyenera kutsala. Chimene chimayenda bwino ndi chouma, monga çaj mali, tiyi wa masamba othyola m'mapiri amene amamangidwa m'timitolo ngati mfutso.

Zotsalazo wophunzira amanyamula m'mutu ndi m'manja basi. Tavë kosi, chakudya chimene chinatchukitsa Elbasan mpaka ku Turkey, sichivuta kwenikweni. Nyama ya nkhosa amaiika m'mbale ya dothi pamodzi ndi mpunga pang'ono, pamwamba n'kuthira chambiko chosakaniza ndi mazira, n'kuika mu uvuni mpaka pamwambapo papse mofiirira. Zonsezi zimapezeka m'sitolo za ku Italy, kungoti nkhosa ndi yodula kwa mwana wa sukulu, moti ena amaphika ndi nkhuku. Fërgesë ya ku Tirana imafuna tsabola wosawawa, matimati ndi gjizë uja, ndiye m'malo mwake amaikamo ricotta ya Ataliyana, imene ilibe kowawasa kake.

Pa byrek ndi pamene pamaonekera amene anakhala pafupi ndi agogo ake. Ufa wa tirigu amaukanda, n'kuupapatiza ndi kandodo kowonda mpaka kupyapyala ngati pepala, kenaka amasanjikiza mapepalawo, pakati n'kuikapo masamba, tchizi kapena nyama. Mapepala okonzeratu amagulitsidwa m'sitolo, ndipo ophunzira ambiri amathamangira amenewo. Palibe angawadzudzule, mayeso ali pakhomo. Komabe kunena zoona, luso limene limazilala msanga ndi la kandodo kaja, pakuti silingalembedwe m'kope. Mayi akafunsidwa pa lamya kuti madzi akhale ochuluka bwanji, yankho limakhala loti mpaka ufa usiye kumata m'manja.

Chilipo chakudya chimodzi chimene chimakaniratu kuoloka. Flija ya kumpoto kwa Albania ndi ku Kosovo imaphikidwa panja. Amapaka phala la tirigu pang'onopang'ono m'chiwaya chachikulu, n'kuvundikira ndi chitsulo chotchedwa saç chimene chatenthetsedwa pamoto ndi kuikidwa phulusa lamoto pamwamba. Likapsa amapakanso lina, chonchobe kwa maola angapo, abale atakhala mozungulira. M'nyumba yosanja ya lendi mulibe bwalo, mulibe nkhuni, ndipo utsi pang'ono ungaitanitse ozimitsa moto. Flija imadikira tchuthi cha mwezi wa Ogasiti.

Ballokume yokha ili ndi mwayi, chifukwa Ataliyana a kumpoto nawonso amadya nsima yawo yachikasu yotchedwa polenta, choncho ufa wa chimanga susowa. Wophunzira amasankha wosalala kwambiri, kapena kuusefa kawiri. Mbale ya mkuwa palibe, amatakasira mu poto wamba. Phulusa ndiye losowa m'khitchini ya gasi, ndipo ambiri amangothira mkaka m'malo mwa finj, n'kuitana anzawo a ku Korçë ndi ku Shkodër kuti adzadye madzulo a pa 14 Malichi.