Chiliza cha Amoyo

Mlongo wanga atamaliza kugula kampani yaing'ono yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leicester, anandiimbira lamya usiku. Ndinkayesa akufuna malangizo a kasamalidwe ka anthu, popeza ndiyo ntchito imene ndagwira zaka zambiri. Koma ayi. "Achemwali," anatero, "ndikufuna kupangitsa zikumbutso zopatsa anthu amene andithandiza. Mundisankhire chopangira."

Anthuwo analipo 6: wa kubanki, loya, wowerengera ndalama, ndi anzake atatu a m'chipereganyu amene analola kuti iye alandire ndalama pa miyezi imene inali yawo.

Mwambowu anauona ku ofesi ya loya. Ku London ndi ku New York, mgwirizano waukulu wa malonda ukatheka, mabanki amapangitsa tizikumbutso toika patebulo, tolembedwa maina a makampani, chaka ndi kuchuluka kwa ndalama. Eni ake amatitcha tombstone, kutanthauza chiliza, chifukwa kale malonda otere ankalengezedwa m'nyuzipepala ndi mawu ochepa ondandalikidwa ngati a pamanda. Nditamva dzinali mtima unandilasa, pakuti mayi athu kumudzi ku Mulanje anali asanamangiridwe chiliza. Ndalama zake tinagwirizana kuti ziyambe zalowa m'bizinesi.

Tinayendera opanga zinthuzi, ndipo ndinaphunzira kuti chopangira chilichonse chili ndi khalidwe lake. Galasi ndi lolemera, limapatsa ulemu likakhala m'manja, ndipo makina amatha kulemba maina mkati mwake osakhudza kunja. Koma likagwa limabenthuka, ndiponso kulitumiza kutali n'kodula. Mkuwa umakhalitsa, koma umada, ndipo umafuna munthu woupukuta nthawi ndi nthawi. Chimene mabanki amakonda ndi acrylic, pulasitiki woonekera ngati madzi, amene kuno amadziwika ndi dzina la Perspex ndipo ku America amati Lucite. Anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1930. Kulemera kwake ndi theka chabe la galasi ndipo sasweka wamba, ngakhale kuti amakalika msanga, komanso amachita timing'alu mukamupukuta ndi mankhwala okhala ndi spiriti. Ubwino wake waukulu ndi wakuti amathiridwa ali wamadzimadzi, kotero kuti pepala, ndalama yachitsulo kapena kanthu kena kangathe kutsekeredwa mkati.

Mlongo wanga zonsezi sanazilabadire. Mtima wake unali pa mkungudza wa ku Mulanje. Ndinamumvetsa. Tinakulira m'munsi mwa phirilo, ndipo timadziwa mabokosi a mkungudza amene ankagulitsidwa kwa alendo ku Likhubula, ndi fungo lake limene silichoka ngakhale papite zaka. Chiswe sichiudya. Iye anati pali mnzake wobwera ku tchuthi amene angatenge timatabwa tingapo m'chikwama. "Azungu aone kuti kwathunso kuli zinthu," anatero.

Ndinakana. Mtengowu mwachilengedwe umamera paphiri la Mulanje pokha, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi. Komabe kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse, chifukwa cha macheka ndi moto. Mu 2019 unalowa m'ndandanda wa CITES, pangano la maiko loletsa kugulitsa kunja zachilengedwe zotsala pang'ono kutha popanda chilolezo. Phingo analowa kale m'ndandandawu, ndipo mlombwa ndi mbawa zinatsatira mu 2022. Anthu a m'midzi yozungulira phiri akubzala mbande, koma mkungudza sukhwima m'zaka zochepa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, muthokoze anthu ndi mtengo wakuba? Nanga loya wanuyo akafunsa kumene mwautenga, mudzati chiyani?"

Anandiyankha kuti sukulu yandiiwalitsa kwathu. Mawuwa anandipweteka, ndipo tinatha sabata osalankhulana.

Pa ntchito yanga ndalowa m'zipinda zambiri za okalamba amene asamutsidwa m'nyumba zawo ndi chikwama chimodzi. Ndaona zimene amasankha kutenga. Zikho ndi zikwangwani za kuntchito kawirikawiri zimatsala, ana n'kukazisiya ku sitolo za zinthu zakale. Chimene munthu amanyamula ndi mpango wothaitha, chithunzi chofwifwa, supuni ya mayi ake. Pamenepo ndinazindikira kuti chikumbutso sichisungidwa chifukwa cha kudula kwake, koma chifukwa cha nkhani imene chanyamula. Ndiye ndinadzifunsa: kodi nkhani ya kampaniyi inayambira kuti?

Sinayambire kubanki. Inayambira m'mbali mwa msewu, pamene mayi athu ankagulitsa zinanazi ndi nthochi, ndalama n'kumamanga pamfundo ya chitenje. Mfundo imeneyo ndiyo inalipira sukulu yathu tonse awiri. Chitenjecho ndinabwera nacho kuchokera kumaliro, ndipo chinali m'sutikesi mwanga. Ndinachitenga, n'kupita nacho kwa mlongo wanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka anafunsa kuti, "Achemwali, mulola kuti tichidule?"

Tinasankha acrylic. Wopanga anayamba wayesa kachidutswa kamodzi, chifukwa utoto wa nsalu zina umasuluka potentha. Wathu sunasuluke. Chikumbutso chilichonse chili ndi kansalu kochepa ngati chikhatho cha mwana, dzina la wolandira ndi chaka. Kuchuluka kwa ndalama sitinalembe. M'malo mwake tinaikapo mwambi wakwathu: kupatsa n'kuika. Anzake a m'chipereganyu sanafunikire kuwamasulira. Wa kubanki anafunsa tanthauzo, ndipo mlongo wanga anamufotokozera za mayi kwa nthawi yaitali kuposa imene anafotokozapo za bizinesi.

Tinapangitsa 7. Chotsalacho chili patebulo la mlongo wanga, ndipo sichinalembedwe dzina lake, koma la mayi. Akuti chikhala pomwepo kumukumbutsa ngongole, kufikira mvula ikatha, pamene tonse awiri tidzapite kumudzi kukamanga chiliza chenicheni.