Kwa mwana wanga wopita ku Manchester



Za pasipoti ndi majekete a kuzizira bambo ako anena kale. Ine yanga ndi ya chakudya, poti ndimakudziwa: ntchito ikakupanikiza umangodya buledi ndi tchipisi n'kugona.

Thupi likamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, pamatsala tizinthu tolusa totchedwa ma free radicals. Fodya, mowa ndi utsi wa magalimoto zimatichulukitsa. Thupi lili ndi njira zake zotizimitsira, koma tikapitirira muyeso timadya maselo pang'onopang'ono ngati dzimbiri pa khasu logona pamvula. Madokotala amati oxidative stress, ndipo imatchulidwa pa matenda a mtima ndi a shuga.

Apa m'pamene mabulosi ndi jambula zimathandiza. Utoto uja umadetsa lilime ndi zala, wovuta kuchapa pa malaya, dzina lake ndi anthocyanin. Finyira ndimu m'madzi a mabulosi, udzaona akufiira. Thiramo soda, asanduka obiriwira. Wolowa m'magazi ndi wochepa, komabe ofufuza apeza kuti anthu odya zipatso zotere kawirikawiri sagwidwagwidwa ndi matenda a mtima ngati anzawo osadya.

Kumeneko mu Ogasiti ndi Seputembala ma blackberry, okhala ndi utoto womwewo, amapsa m'mipanda ndi m'mbali mwa tinjira, aulere. Thyola akuda bii, ofewa, osavuta kuchoka. Ofiira akadali osapsa. Samala minga, pewa a m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo uzitsuka. Nyengo ikatha, gula oumitsidwa mufiriji, ndi otsikirapo mtengo, ndipo utoto wake umakhalamobe. Jamu usamuwerengere, ameneyo ndi shuga basi.

Chomwe ndikukaniza ndi mabotolo a mapiritsi olembedwa antioxidant, kutanthauza ozimitsa ma free radicals, odzaza m'mashelefu a m'mafamase. Ku Finland anayesa mapiritsi otere, a beta-carotene, pa amuna osuta fodya oposa 29,000. Zotsatira zake zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inapezeka yochuluka ndi 18 peresenti mwa omwe ankamwa. Ndalama yakoyo ugulire chipatso chenicheni, chokhala ndi khungu ndi njere zake. Bungwe la WHO limati zipatso ndi ndiwo zamasamba zisachepere magalamu 400 patsiku, ndipo mabulosi odzaza dzanja pa phala la m'mawa ndi poyambira chabe. Kabichi wofiira ndi nyemba uzidyanso.

Ukafika uimbe foni, agogo ako sagona mpaka amve mawu ako.

Ndine mayi ako.