Ndinakaona mafupa a Sue ku Chicago

Mphepo yozizira yochokera kunyanja ya Michigan inkalasa m'makutu m'mawa umene ndinatsika basi pafupi ndi Field Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Chicago. Mlamu wanga amene ndinafikira kwake anali atandilangiza usiku wathunthu. "Alamu," anatero, "zina zonse mungazisiye, koma musabwerere kumudzi musanakaone Sue."

Sue ndi mafupa a Tyrannosaurus rex, chilombo chodya nyama chimene chinakhalako zaka pafupifupi 67 miliyoni zapitazo. Dzinali ndi la mayi amene anachitulukira mu Ogasiti 1990 ku South Dakota, Sue Hendrickson. Panabuka milandu yolimbirana umwini, ndipo mu 1997 nyumbayi inagula mafupawo pa okishoni ndi madola oposa 8 miliyoni.

Nditalowa m'chipinda chake ndinangoti kakasi. Ku Karonga ndinaonapo Malawisaurus wathu uja, koma ameneyo ankadya masamba, ndipo ukamuyang'ana mtima sudumpha. Uyu ndi wina. Kuchokera kumphuno kukafika kunsonga ya mchira ndi mamita oposa 12, ndipo chiuno chili mamita ngati 4 kuchokera pansi. Timikono take ndi tochepa modabwitsa, mwina mita imodzi, tili ndi zala ziwiri zokha. Mphamvu zonse zinapita kukamwa.

Mutu umene uli pathupipo ndi woumba. Weniweni anauika pawokha m'galasi, ndipo umalemera makilogalamu pafupifupi 270. Pamenepo ndi pamene ndinakhalitsa. Mano ake ndi onenepa ngati nthochi, ndipo m'mphepete mwake muli timano ngati ta macheka. Lalitali, kuphatikiza muzu, limafika masentimita 30. Mano otere ankang'amba nyama n'kuphwanya ndi mafupa omwe. Ku Canada anapeza ndowe za chilombo cha mtundu umenewu zitasanduka mwala, m'kati muli zidutswa zambiri za mafupa.

Akatswiri anakangana kwa zaka zambiri: kodi chinkasaka chokha ngati mkango, kapena chinkangotola zofa kale? Mbali ya ubongo wake yomvera fungo inali yaikulu, ndiye ena ankati chinkalondola zowola. Koma kunapezeka mchira wa Edmontosaurus, dinosaur wodya masamba, muli dzino la T. rex lothyokeramo, fupa litapola mozungulira dzinolo. Ndiye kuti analumidwa ali moyo, n'kupulumuka. Kwa ine mkanganowu ndi wosavuta. Aliyense amene anakulira pafupi ndi thengo amadziwa kuti fisi amasaka, ndipo mkango ukapeza nyama yofa suisiya.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zipsera. M'makanema chilombochi amachionetsa chikungobangula, ngati chosamva kuwawa. Mafupa a Sue akunena zina. Nthiti zingapo zinathyoka n'kulumikizananso. Fupa lina la mwendo wamanzere ndi lotupa chifukwa cha matenda, mafupa ena a mchira anamatirirana, ndipo chibwano cham'munsi chili ndi mabowo. Ndinaganizira chinyama cholemera matani 8 kapena kuposerapo chikuyenda ndi ululu wotere, njala ili m'mimba, chikuyenerabe kugwetsa chinzake cha nyanga zitatu kuti chidye. Chisoni chinandigwira.

Zaka zake anaziwerenga m'mizere ya m'kati mwa mafupa, monga tichitira ndi chitsa cha mtengo, ndipo anapeza kuti chinafa chili ndi zaka pafupifupi 28. Kwa mtundu wake umenewo unali ukalamba. Kukula kwenikweni kunkachitika pakati pa zaka 14 ndi 18, pamene chinkatha kuonjezera makilogalamu 2 tsiku lililonse.

Ndisanatuluke, mlamu wanga anandilozera fupa lina pachifuwa, pakati pa mapewa, lopindika ngati mphanda. Ndinalizindikira msanga, pakuti ndalitulutsapo kambirimbiri m'mbale ya ndiwo. Mbalame zonse zinachokera ku gulu lomweli la ma dinosaur oyenda ndi miyendo iwiri. Inu owerenga, Lamulungu likubwerali mukapha nkhuku, musafulumire kutaya kafupa kamphanda ka pachifuwa kaja. Kayang'aneni bwino, chifukwa Sue nayenso ali nako.